Jezi ya Orlando Pirates yokonzedwa ndi Thebe Magugu: maganizo a telala

Ine ntchito yanga ndi ya utelala kuno ku Joni, ndiye chovala chilichonse chikafika m'manja mwanga ndimayamba ndachitembenuza kaye kuti ndione msoko. Jezi ya Orlando Pirates ya chaka cha 2023/24, imene kampani ya adidas inapanga mogwirizana ndi Thebe Magugu, katswiri wokonza zovala wa kuno ku South Africa, ndinaichitanso zomwezo. Ndili nazo zonse ziwiri, yakuda yosewerera pakwawo ndi yobiriwira motuwa ya koyenda. Zavalidwa ndi kuchapidwa mokwanira, moti tsopano ndingathe kunenapo kanthu.

Ambiri a ife Amalawi tinakakamira ku Pirates nthawi ya Gabadinho Mhango, makamaka mu 2019/20 pamene anamwetsa zigoli 16 mu ligi n'kufanana ndi Peter Shalulile. Iye anachokako mu 2022, jezi iyi isanatuluke, koma masapota amene anawakoka sanachoke naye. Ine ndi mmodzi wa iwo.

Chimene chimayamba kukugunda m'maso ndi chigaza chachikulu ndi mafupa opingasa, chizindikiro cha timuyi, chimene achikulitsa n'kudzaza kutsogolo konse. Pa jezi yakuda chimabisala pang'ono, umachiona bwino munthu akayandikira kapena akaima padzuwa. Pa yobiriwira chimaonekera patali. Itangotuluka, masapota anagawanika pa Facebook. Ena ankati yanyanya, ena ankafunsa kuti mtundu wobiriwira ukudzatani ku timu imene imadziwika ndi zakuda ndi zoyera. Ine ndili kumbali ya yobiriwirayo. Ukaivala ndi jinzi ukhoza kulowa nayo paliponse Loweruka masana osaoneka ngati wasochera pochokera ku Orlando Stadium, ndipo imakhala bwino pakhungu lathu lakudali.

Kuti mumvetse chifukwa chake chigaza chinakula chonchi, muyenera kumudziwa mnyamatayu. Thebe Magugu anabadwa mu 1993 ku Kimberley, tawuni ya migodi ya dayamondi ku Northern Cape, ndipo anakulira ku Ipopeng pakati pa amayi ake, agogo ake aakazi ndi azakhali. Anabwera ku Johannesburg kudzaphunzira za zovala pa sukulu ya LISOF, kenako n'kuyamba kusoka zovala za dzina lake. Mu 2019 anapata mphoto ya LVMH Prize ku Paris, ya mayuro 300,000 pamodzi ndi chaka chathunthu cholangizidwa ndi akatswiri a LVMH, kampani yaikulu ya ku France ya zovala ndi katundu wodula. Anali munthu woyamba wa mu Africa kuipeza, ali ndi zaka 26 zokha.

Chimene chimandikoka kwa iye si mphotoyo ayi, koma kumene amatenga nzeru zake. Gulu lililonse la zovala limene watulutsa limakhala ndi nkhani, ndipo mayina oyambirira anali ngati a maphunziro a ku yunivesite: Geology, Home Economics, Gender Studies, Art History, African Studies. Gulu la Prosopography linachokera pa mbiri ya amayi a Black Sash, bungwe limene linayamba mu 1955 kutsutsa malamulo a tsankho, amayi ake ataima chete m'misewu atakoleka nsalu yakuda paphewa. Pokonza Counter Intelligence anakacheza ndi amayi amene anali akazitape nthawi ya tsankho. Pa Genealogy anatulutsa zithunzi zakale za kubanja kwawo, nakhala pansi ndi amayi ake ndi azakhali ake kukumbutsana kuti uyu anali ndani, anavala chiyani, kenako n'kusoka zovala zatsopano potengera zithunzizo.

Limene limandikhudza kwambiri ndi Discard Theory la mu 2022. Anapita ku Dunusa, msika wa kaunjika wa m'katikati mwa Johannesburg kumene ambiri a ife timagula majekete a m'nyengo yozizira, natola zovala zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America anataya. Anazisula, kuzidula mwatsopano, n'kukazionetsa ku London, komwe zambiri zotere zimachokera. Aliyense amene anasokapo pafupi ndi msika wa kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe akudziwa kuti bele limodzi likatsegulidwa, telala amagona ndi njala, chifukwa palibe amene angasoketse shati pamene ya kaunjika ikugulidwa motchipa kuposa nsalu yomwe. Magugu anatenga chinthu chimene chimatipweteka ife n'kuchisandutsa ntchito yoti azungu omwewo akaiombere m'manja. Pamenepo ndinamugonjera.

Tsono munthu wotere ukamupatsa timu imene inayamba mu 1937 ku Orlando, ku Soweto, sangangokujambulira mizere iwiri n'kumati watha. Amafuna mbiri, ndipo mbiri ya Pirates ili pa chigaza chija. Anachitenga pa kabaji kakang'ono ka pachifuwa n'kuchipatsa jezi yonse.

Kunena za kasokedwe, palibe chodandaula. Nsalu ndi poliyesitala yopepuka imene adidas amaitcha AEROREADY, yosasunga thukuta, ndipo ukaichapa m'mawa pofika masana yauma. Chithunzi cha chigaza chinalowa m'nsalu momwemo. Ukapititsa chala pamwamba sumva m'mphepete mwake, ndiye sichingasweke kapena kumatuka ngati zithunzi zomata za pa matisheti. M'kati, ovaloko ndi yoyera, ulusi wosalendewera, ndipo msoko wa m'khwapa umakumana bwinobwino ndi wa m'mbali. Apa ndi pomwe ndimagwirira majezi abodza amene anthu amabwera nawo kuti ndiwachepetsere. Abodzawo msoko wa m'khwapa umaphonyana, baji imapendekeka pang'ono, kolala imayamba kuchita mafunde ikangochapidwa kangapo, ndipo mtundu wobiriwira uja amaulephera, umatuluka wowala kwambiri.

Pochapa itembenuzeni, gwiritsani madzi ozizira, yanikani pamthunzi. Simbi isayandikire malemba a Vodacom, kampani yothandiza timuyi, chifukwa amenewo ndi omata ndipo kutentha kumawasungunula. Kunena zoona jeziyi sifuna kusita n'komwe. Ngati muli ndi kamimba, tengani saizi yokulirapo, popeza chigaza chikakokeka pamimba chimasintha nkhope.

Koma pali pamene mtima wanga sukhutira, ndipo ili si vuto la jeziyo kwenikweni. Luso la Magugu lili pa kadulidwe: masiketi ake a mapinda osafanana kutalika, makhoti ake okhala bwino paphewa, mmene amasiyira msoko wina poyera mwadala. Pa jezi ya mpira zonsezi palibe. Thupi la jezi, manja ake ndi kutalika kwake zimatsata zofuna za osewera ndi malamulo a ligi, malo a kampani yothandiza timu ndi a nambala ali kale pake, ndiye iye anatsala ndi chithunzi ndi mtundu basi. Ukaphimba chigazacho ndi dzanja, chotsala ndi jezi ya adidas ngati ina iliyonse. Ndikanakonda akanamulola kugwirako ngakhale kolala yokha molimba mtima.

Mtengo wake ndi womwe timaudziwa wa jezi yeniyeni, ine ndinalipira kupitirira R1,000 pa imodzi. Kwa munthu amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, imeneyo si ndalama yongotaya. Komabe madiresi a Magugu amagulidwa ndi anthu amene safunsa mtengo, ndipo wagwirapo ntchito ndi makampani otchuka a zovala a ku Ulaya, Dior komanso Valentino. Jezi iyi, pamodzi ndi zovala zina zamasewera zimene anapanga ndi adidas kuyambira mu 2022, ndi zina mwa zochepa zimene ife wamba tingafikire pa ntchito yake.

Mwayi jeziyi inali nawonso. Pirates ya mphunzitsi Jose Riveiro inatenga chikho cha MTN8 mu 2023 itagonjetsa Mamelodi Sundowns pa mapenote ku Durban, kenako Nedbank Cup mu 2024 ku Mbombela itachinyanso Sundowns yomweyo 2-1, Relebohile Mofokeng atamwetsa chigoli chakumapeto. Ambiri amene ankainyoza itangotuluka anaigula zikho zitabwera.

Popeza chaka chake chinadutsa, m'masitolo akuluakulu simungaidalire. Funsani kwa ogulitsa majezi akale kapena anthu amene akugulitsa zawo pa intaneti, ndipo musanatumize ndalama auzeni akujambulireni m'kati mwa khwapa ndi kachikwangwani ka m'kati. Mukapeza zonse ziwiri koma ndalama ndi ya imodzi, tengani yobiriwira.