Filimu imodzi yoipa, zimbale zosiyanasiyana: zoyenera kudziwa musanaitanitse kuchokera ku America

Abale ndi alongo kumudzi,

Mukamapempha kuti tikutumizireni filimu kuchokera kuno ku America, ambiri mumangotchula dzina la filimuyo basi. Kuno dzina lokha silikwanira. Filimu imodzi imatha kupezeka pa zimbale za makampani angapo, zikuto zokongola zonse, koma mukaziika m'makina mumapeza kuti chithunzi, mawu, ngakhale kutalika kwake n'zosiyana. Kuti nkhaniyi imveke bwino titenga filimu imodzi imene anthu kuno amaiwerengera m'gulu la mafilimu oipitsitsa amene anajambulidwapo, Manos: The Hands of Fate. Anaikonza kuti iziopseza anthu, koma masiku ano anthu amaionera kuti aseke. Pa filimu ngati imeneyi m'pamene kusiyana kwa zimbale kumaonekera poyera, chifukwa zolakwika zake zilipo za mitundu iwiri: zimene inabadwa nazo, ndi zimene anaisenzetsa anthu okopa pambuyo pake.

Tiyambe ndi zobadwa nazo. Filimuyi anaijambula ku El Paso m'chigawo cha Texas, ndipo inaonetsedwa koyamba pa 15 November 1966 ku Capri Theater mumzinda womwewo. Mwini wake, Harold P. Warren, sanali wa mafilimu. Anali munthu wamalonda, koma analemba yekha nkhaniyo, kuitsogolera yekha, n'kusewera yekha ngati bambo wa banja limene lasochera m'chipululu n'kukafika panyumba yolondedwa ndi Torgo, wantchito wa mawondo otupa. Ndalama zonse zinali pafupifupi madola 19,000. Kamera inali ya Bell & Howell ya mpukutu wopapatiza wa 16mm, yopukusa ndi dzanja, ndipo ikapukusidwa kamodzi inkajambula masekondi 32 okha n'kuima. N'chifukwa chake chithunzi chimadumphadumpha munthu ali pakati polankhula. Kamerayo sinkatenga mawu, choncho mawu onse anawaika pambuyo pake, anthu ochepa akulankhulira osewera onse, ndipo milomo ndi mawu siziyendera limodzi. Zochitika za usiku anazijambuladi usiku ndi nyali zochepa, moti tizilombo touluka timene tinatsatira kuwalako timaoneka tikudutsa pankhope za osewera. Koyambirira galimoto imangoyenda kwa mphindi zambiri popanda chochitika. Penanso kabolodi kolemberapo nambala ya chochitika kamaonekera pang'ono m'mbali. Zonsezi palibe kampani ingazichotse. Wina akakulonjezani chimbale chimene milomo ikugwirizana ndi mawu, ameneyo sanaionerepo filimuyi.

Nanga n'chifukwa chiyani zimbale zake zachuluka chonchi? Pa nthawi imeneyo lamulo la America linkafuna kuti filimu ikamatuluka ikhale ndi chizindikiro cha umwini cholembedwa pa filimu yeniyeniyo. Warren sanachiike, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuitenga ngati filimu ya aliyense. Zofananazo zinachitikira Night of the Living Dead ya 1968. Ndiye kampani iliyonse yokhala ndi kope lililonse, kaya lakutha bwanji, imatha kudinda zimbale n'kugulitsa osalipira munthu.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse: kope limene kampani yadindira linachokera kuti? Filimu ya 16mm inkayenera kukuzidwa kukhala 35mm kuti ionetsedwe m'nyumba za kanema. Kuchokera pamenepo ankapanga mipukutu yoyenda nayo m'mizinda, ndipo mpukutu uliwonse unkakandika ndi kuduka pamene ukudutsa m'makina, n'kumaumata pamene wadukapo. Patapita zaka wina anautengera pa tepi, wina n'kukopa tepiyo pa VHS, winanso n'kutenga VHS ija kuika pa DVD. Kukopa kulikonse kumadya kanthu. Mbali zakuda zimagwirana n'kukhala chimdima chimodzi, mbali zowala zimayera mbee, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumadulidwa pang'onopang'ono. Utoto nawo umasuluka. M'mipukutu yambiri ya zaka zimenezo utoto wobiriwira motuwa ndi umene umayamba kutha, n'chifukwa chake mafilimu akale ambiri mumawaona ofiirira ngati ajambulidwa dzuwa likulowa.

Zimbale zotchipa ndi zimene zimapezeka kwambiri kuno, m'masitolo a katundu wakale monga Goodwill, pa eBay, ndi pamalonda a pakhomo amene anthu amachita Loweruka akafuna kupungula katundu. Chimbale chochokera pa VHS sichivuta kuchizindikira. Yang'anani pansi penipeni pa chithunzi: mukaona kamzere konjenjemera kopingasa, ndiye kuti gwero lake ndi tepi. Zilembo zimaoneka ngati zanyowa, mtundu wofiira umatayikira kunja kwa malire ake, ndipo mawu amakhala ndi kamkokomo kosatha. Pa Manos, zochitika za usiku pa zimbale zimenezi zimangokhala mdima wokhala ndi timadontho tiwiri titatu toyenda, mwina nkhope, mwina dzanja.

Choipa china ndi kupanikiza. Kuno kuli mabokosi a mafilimu oopsa 50 pamodzi, ndipo amakopa anthu chifukwa cha kuchuluka. Koma werengani nokha. DVD ya mbali imodzi ya wamba imanyamula 4.7 GB. Mukaikapo filimu imodzi ya mphindi pafupifupi 70, malo alipo okwanira kuti chithunzi chiziyenda pa 8 Mbps (muyezo wa kuchuluka kwa zimene chimbale chimatumiza pa sekondi iliyonse) kapena kuposerapo, kufupi ndi malire a DVD amene ndi 9.8 Mbps. Mukapanikizamo mafilimu anayi, maola asanu, chithunzi chimatsala ndi 2 Mbps basi. Zikatero mdima umagawika timabokosi, utsi ndi moto zimaoneka ngati njerwa zoyenda. Filimu ya 16mm imavutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa chithunzi chake chili ndi timadontho tangati mchenga timene timasintha pa chithunzi chilichonse, ndipo makina opanikiza amalephera kutitsatira.

Mtundu wina wa zimbale ndi wa pulogalamu imene inatchukitsa filimuyi. Pa 30 January 1993 pulogalamu ya pa TV ya Mystery Science Theater 3000 inaonetsa Manos, ndipo anthu ambiri kuno anaidziwira pamenepo. M'pulogalamuyi munthu mmodzi ndi zidole ziwiri za maloboti amakhala pansi pa chithunzi ngati mithunzi, n'kumaseka filimuyo mpaka kumapeto. Izi muzidziwe musanaitanitse: mithunziyo inaphatikizidwa ndi chithunzi, simungaichotse ndi rimoti, ndipo nthabwala zake ndi za Chingerezi chothamanga chodzaza ndi mayina a anthu ndi malonda a ku America a zaka za m'ma 1990. Wosazidziwa amangoona anthu akusokosa pamwamba pa filimu. Chikuto chikakhala ndi zilembo zoti MST3K, ndi chimenechi. Mu 2011 kampani ya Shout! Factory inatulutsa bokosi la zimbale ziwiri, china cha pulogalamuyo, china cha filimu yokha popanda mithunzi. Ubwino wake ndi woti muli nazo zonse ziwiri, koma filimu yokhayo idakali yochokera pa kope lakale lotopa.

Zinthu zinasintha mu 2011 momwemo pamene Ben Solovey, wojambula mafilimu, anapeza workprint ya 16mm ya filimuyi pakati pa mipukutu yakale imene anagula. Workprint ndi kope limene amagwiritsa ntchito podula ndi kulumikiza filimu, ndipo silinayendepo m'nyumba za kanema, choncho lili pafupi kwambiri ndi zimene kamera inaona. Iye anapempha thandizo pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, akufuna madola 10,000, anthu n'kusonkha pafupifupi madola 48,000. Taganizani, ndalama zokonzera filimuyi zinaposa kawiri ndalama zoijambulira. Mpukutuwo anautsuka, kuujambula ndi makina chithunzi chimodzichimodzi, n'kuchotsa dothi ndi zokandika pa kompyuta. Kampani ya Synapse Films inatulutsa ntchitoyi pa Blu-ray ndi DVD mu October 2015.

Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene munthu angayembekezere pa filimu yotereyi. Pa mkanjo wakuda wa Master, bwana wake wa Torgo, manja awiri ofiira ojambulidwapo amaoneka ofiira enieni osati athope. Chipululu chimakhala ndi mtundu wake, thambo limabwerera kukhala thambo. Mu mdima mumayamba kuoneka makoma, zipilala ndi nkhope za akazi a Master. M'mbali mwa chithunzi mumaoneka zinthu zimene makope akale anadula. Koma kuyera komweko kumaulula zimene mdima unkabisa: malo amene kamera sinalunjike bwino tsopano akuonekeratu kuti vuto linali la wojambula, tizilombo ta panyali tija mumatha kutiwerenga. Kwa ife ichi ndicho chokoma cha chimbalechi. Kwa zaka zambiri anthu ankanyoza Warren chifukwa cha chithunzi chathope, chonsecho thopelo silinali lake. Zake ndi zina zija, ndipo n'zokwanira kale. Pa Blu-ray anaikaponso filimuyo mosakonzedwa, ndi zokandika zake zonse, kuti munthu afananitse yekha, komanso ndemanga za Tom Neyman amene anasewera Master ndi mwana wake Jackey amene anasewera kamtsikana ka m'banjamo.

Timadontho tamchenga tija musatitenge ngati vuto. Ndi mmene filimu ya 16mm imaonekera. Makampani ena amatifufuta ndi njira yotchedwa DNR pofuna kuti filimu yakale ioneke ngati yatsopano, koma pamodzi ndi timadonthoto amafufuta makwinya, tsitsi ndi ulusi wa nsalu, nkhope n'kumaoneka ngati za phula. Chikuto chongolemba kuti "digitally remastered" sichikutsimikizirani kanthu, chifukwa ngakhale kukopa VHS pa kompyuta kumatchedwa choncho. Chikuto chabwino chimatchula gwero lenileni, monga 16mm kapena 35mm, ndi kukula kwa kujambulako, 2K kapena 4K.

Mukakhala ndi zimbale ziwiri n'kufuna kuzifananitsa, musaonere filimu yonse kawiri, Manos kamodzi n'kokwanira. Sankhani malo atatu: pena pa masana, pena pa usiku, pena pamene nkhope yadzaza chithunzi. Imitsani chithunzi pamalo omwewo pa zimbale zonse, TV yomweyo, osasintha kuwala. Pa masana onani mtundu wa thambo ndi khungu. Pa usiku onani ngati m'mdima muli zinthu kapena timabokosi. Pa nkhope onani tsitsi. Kenako yang'anani m'mphepete. Filimuyi ndi ya 1.33:1, kutanthauza chithunzi chosatambalala ngati cha TV zakale, choncho pa TV yotambalala ya masiku ano payenera kukhala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Chimbale chimene chadzaza TV yonse ndiye kuti achidula pamwamba ndi pansi, ndipo kudula kumeneko kumataya gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi, mitu ya anthu n'kumakhudza denga.

Tsopano zoti chimbale chikagwire ntchito kwanuko. Makampani anagawa dziko lapansi m'zigawo zotchedwa region, ndipo amaika loko kuti chimbale cha chigawo china chisagwire ntchito m'makina a chigawo china. DVD za kuno ndi za region 1, pamene Malawi ndi Zambia zili mu region 5, South Africa ndi Britain mu region 2. Pa Blu-ray, America ndi region A, Africa ndi Ulaya ndi region B. Kuseri kwa chikuto kumakhala kachizindikiro ka dziko lapansi kokhala ndi nambala, kapena chilembo. Pakalembedwa 0, ALL kapena ABC, chimbalecho chilibe loko. Chodabwitsa n'chakuti zimbale zotchipa zija nthawi zambiri zilibe loko, zabwino ndi zimene muyenera kuziyang'anitsitsa. Makina a DVD otchipa ambiri amawerenga region iliyonse, koma makina a Blu-ray a makampani akuluakulu amakana, ndipo rimoti siithandiza. Pa kompyuta, chowerengera DVD chimalola kusintha region kasanu kokha, kenako chimakhazikika pa yomalizayo mpaka kalekale. Wina akaganiza zotumiza ndi makina omwe, kumbukirani kuti magetsi a kuno ndi 120V pa 60Hz, kwanuko ndi 230V pa 50Hz. Werengani kuseri kwa makinawo. Ngati sanalembe 100-240V, musawalumikize popanda thiransifoma, apsa nthawi yomweyo.

Palinso NTSC ndi PAL, njira ziwiri zosiyana zoonetsera chithunzi pa TV. DVD ya kuno ndi ya NTSC, madontho 720 ndi 480, ya ku Ulaya ndi ya PAL, 720 ndi 576. TV zafulati zambiri zimalandira zonse ziwiri, koma TV zakale zachimimba zina zimaonetsa NTSC yopanda mtundu kapena yogudubuzika. PAL imathamangitsanso filimu: zithunzi 24 pa sekondi zimakhala 25, choncho filimu ya mphindi 70 imatha pa mphindi 67, mawu n'kukwera pang'ono. Musafulumire kunena kuti chimbale chachifupi chadulidwa musanaone ngati n'cha PAL. Kusiyana kukapitirira mphindi zitatu pa filimu yautali chonchi, pamenepo pali chimene chachotsedwa, kawirikawiri pamalo amene mpukutu unaduka n'kumatidwa.

Chimbale chogula kwa munthu chitembenuzeni musanalipire. Cha ku fakitale chimakhala chasiliva kunsi, ndipo pa kamkombero ka pakati pamakhala tizilembo ting'onoting'ono, kawirikawiri toyamba ndi IFPI. Chofiirira kapena chabuluu kunsi ndi DVD-R yowotcha pa kompyuta, ndipo utoto wake suchedwa kuwonongeka pamalo otentha. Zokandika zochokera pakati kupita kunja makina amazidumpha, koma zozungulira motsatira mkombero ndi zimene zimaimitsa filimu, chifukwa zimafufuta mzere wautali wa zolembedwa nthawi imodzi.

Chimbale chikafika, lowani muzosintha za TV yanu. Zimitsani chosalaza kayendedwe ka chithunzi, chimene Samsung amachitcha Auto Motion Plus, LG TruMotion, Sony Motionflow, ndipo zimitsaninso chochepetsa timadontho. Kukula kwa chithunzi ikani pa 4:3 kapena Original, osati Wide kapena Zoom. Mukasiya pa Wide, TV imakoka chithunzi cham'mbali kuti idzaze mizere yakuda ija, ndipo Torgo, amene mawondo ake ndi otupa kale, amafufuma thupi lonse.