Septic tank ikadzadza: galimoto yopopa, anyamata a zidebe, kapena mankhwala?

Chimbudzi chikayamba kuchedwa kumeza madzi, fungo n'kumatulukira kubafa, ambiri timathamangira mankhwala. Nanenso ndinatero kwathu ku Area 25. Ndinathira mapaketi awiri a ufa umene wogulitsa ananena kuti umadya zonse, koma patangotha milungu itatu madzi anafika pachivundikiro.

Ufawo sukanathandiza. M'thanki muli kale tizilombo towoletsa zonyansa. Zolemera zimamira pansi, mafuta amauma pamwamba, madzi apakati ndiwo amatsikira ku soakaway, dzenje la miyala limene limamwetsa madziwo m'nthaka. Zimene zimadzadzitsa thanki ndi zimene tizilomboto talephera: mchenga, tsitsi, matewera, mapadi ndi matope akale. Palibe ufa wosungunula mchenga. Ndipo chonde musamvere okuuzani kuti muthire oilo wakuda wa galimoto kapena palafini. Zimapha tizilomboto, kenako n'kulowa pansi kukapeza chitsime cha aneba.

Ndiye kusankha kwenikweni kuli pawiri.

Galimoto yopopa ndiyo ndimaikonda, bola msewu ufike pakhomo. Palibe munthu wolowa m'dzenje, ndipo ntchito imatha tsiku lomwelo. Koma musaisiyire mwana n'kupita kuntchito. Imani pomwepo. Nthawi yoyamba ine ndinachokapo, iwo anangoyamwa madzi apamwamba, matope n'kutsala chikhalire. Auzeni atsegule zipinda zonse ziwiri za thankiyo, aswe chikhokho chapamwamba, avundule pansi ndi mtengo, akalimba athire madzi. Asiye matope ochepa chabe ngati mbewu ya tizilombo. Galimoto isapondenso pasilabu kapena pamwamba pa soakaway, makamaka nthawi ya dzinja nthaka ikafewa. Funso lina lofunika: akataya kuti? Ku Lilongwe kuli malo oyeretsera zonyansa ku Kauma. Dalaivala akayamba kuzemba funsoli, itanani wina.

Anyamata a zidebe ali ndi ubwino wawo, tisawanyoze. Kwa Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Ndirande, kumene nyumba zathithikana moti paipi ya galimoto siingafike, iwowa ndiwo amatipulumutsa. Mtengo wawo ndi wotsika, ndipo fosholo imachotsa matope ouma amene makina amawalephera. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amatsikira m'thanki wopanda magolovesi, wopanda jombo. Mpweya wa mmenemo umakomola munthu mwadzidzidzi, ndipo wotsikira kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Kutaya nako n'kovuta: usiku zidebe zimathera mu ngalande kapena m'dzenje lokumbidwa kuseri kwa nyumba. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Amene tinaona mahema a odwala pazipatala zathu sitingalole zonyansa zathu zikathere m'madzi amene ana a ena akumwa.

Ngati galimoto siifika, funani gulu lokhala ndi Gulper. Ndi mpope wamanja umene munthu amapopa ataima pamwamba, matope n'kumagwera m'migolo yotseka, migoloyo n'kupita kokataya pa galimoto yaying'ono. Ku Blantyre alipo amene amagwira ntchitoyi. Imachedwa, zinyalala zimautseka pafupipafupi, koma palibe wolowa m'dzenje.

Musadikire fungo kuti mudziwe nthawi yopopa. Kamodzi pachaka tengani nsungwi yayitali, kulungani nsalu yoyera kuyambira kumapeto kwake kukwera m'mwamba, muilowetse mpaka pansi, mudikire pang'ono. Chidindo chakuda cha matope pansaluyo chikafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madziwo, itanani opopa. Pochita izi musaweramire nkhope m'bowo, ndipo fodya kapena moto zikhale kutali.

Thanki kudzadzanso madzi masiku ochepa mutapopa si vuto, ndi mmene imagwirira ntchito. Koma madzi akakwera kupitirira paipi yotulukira, kapena udzu wa kuseri ukamabiriwira pamalo amodzi m'chilimwe pansi pali chinyezi, ndiye kuti soakaway yatsekeka. Apo kupopa kulikonse n'kutaya ndalama. Kumbani ina, muikemo miyala yatsopano, motalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, ndiponso kumunsi kwake.