Paracetamol, Brufen, amitriptyline kapena tramadol: ululu ukakhalitsa, mungadalire ati?

Ululu ukapitirira miyezi 3, madokotala amautenga ngati matenda paokha, ndipo mankhwala ake sasankhidwa ngati a dzino kapena a bala. Pa ululu wa masiku awiri timangofuna amene athetse msanga. Koma pa msana, mawondo kapena mapazi amene adzakhala akuwawa chaka chino ndi chamawa, mafunso ake ndi ena: ululuwo ukuchokera pati, nanga ndi chiwalo chiti m'thupi mwanu chimene chili chofooka kale? Mankhwala alionse opha ululu ali ndi chiwalo chimene amachilemetsa. Paracetamol amalemetsa chiwindi. Ibuprofen ndi anzake amalemetsa m'mimba, impso ndi mtima. Tramadol ndi morphine amakhudza ubongo, kapumidwe ndi matumbo. Milingo imene itchulidwe pano ndi ya akuluakulu, ndipo ndi yoti mukakambirane ndi dokotala amene amadziwa matenda anu ena.

Paracetamol, amene ambiri timangoti panado, ndiye wofatsa pa onse. Mlingo wake ndi 500 mg mpaka 1 g maola 4 mpaka 6 alionse, osapitirira 4 g pa maola 24, kutanthauza mapiritsi 8 a 500 mg. Kwa munthu wosafika makilogalamu 50, womwa mowa tsiku ndi tsiku, wosadya mokwanira kapena wodwala chiwindi, malirewo amatsika kufika pa 2 g kapena 3 g. Chiwindi chikamaphwanya paracetamol, kagawo kena kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI, ndipo chiwindicho chimamusukulutsa ndi glutathione. Njala ndi mowa zimachepetsa glutathione, ndiye poizoniyo amatsala n'kuyamba kupha maselo a chiwindi. Choopsa n'chakuti tsiku loyamba munthu amaoneka bwinobwino, mwina nseru pang'ono basi. Chikasu m'maso ndi kuwawa kumanja pansi pa nthiti zimabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mankhwala opulumutsa chiwindi, N-acetylcysteine, amathandiza kwambiri akaperekedwa pasanathe maola 8, choncho amene wapyola mlingo asadikire zizindikiro. Ambiri amapyola osadziwa, chifukwa paracetamol amapezekanso m'mankhwala a chimfine ndi m'mapiritsi osakaniza ndi codeine.

Kufatsa kwakeko kumayendera limodzi ndi kuchepa mphamvu. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, linanena mu 2016 kuti paracetamol payekha asamaperekedwe pa ululu wa msana, ndipo mu 2022 linamuchotsa pa mankhwala oyambira pa nyamakazi ya kutha kwa mafupa. Amakhalabe wofunika kwa okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala impso, chifukwa kwa iwowa enawo ndi oopsa. Koma ngati mwamwa milungu iwiri mosadumphitsa osaona kusintha, palibe chifukwa chopitirizira.

Ibuprofen, diclofenac, naproxen ndi anzawo

Gulu limeneli, lotchedwa NSAID, ndi lamphamvu kuposa paracetamol pamene pali kutupa: mfundo zotupa, gauti, msana wouma m'mawa umene umamasuka munthu akayamba kuyenda. Limatseka ma enzayimu a COX amene amapanga ma prostaglandin, zinthu zimene zimayambitsa kutupa ndi ululu. Vuto n'lakuti ma prostaglandin omwewo ndi amene amamata khoma la m'mimba kuti asidi asaliotche, komanso amatsegula mitsempha yolowetsa magazi m'impso. Mukathetsa kutupa kwa bondo, mwachotsanso chitetezo m'malo awiriwa.

N'chifukwa chake kumwa mutadya sikuteteza zilonda za m'mimba monga ambiri amaganizira. Chakudya chimachepetsa kutentha pamtima, koma mankhwalawo amafika pa khoma la m'mimba kudzera m'magazi. Ngakhale jakisoni wa diclofenac amatha kuyambitsa chilonda. Ndipo chilonda choterechi nthawi zambiri sichipweteka, popeza mankhwala omwe achiyambitsawo akubisanso ululu wake. Munthu amangoona chimbudzi chakuda bii, chonata ndi chonunkha kwambiri, kapena amasanza zooneka ngati masese a khofi, kapena amangofooka ndi kuyera m'zikhatho. Zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi opitirira zaka 65, amene anadwalapo zilonda za m'mimba, ndi amene akumwa warfarin, aspirin, prednisolone kapena fluoxetine. Aliyense womwa NSAID kwa nthawi yaitali ayenera kufunsa za omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, 20 mg tsiku lililonse.

M'gulu lomweli mankhwalawa amasiyana, ndipo kusiyanako n'kofunika. Ibuprofen, yemwe ndi Brufen uja, pa 400 mg katatu patsiku, osapitirira 1,200 mg, ndi wopepukirapo pa m'mimba ndi pa mtima. Akakwera kufika 2,400 mg ubwino umenewu umatha. Naproxen, 250 mpaka 500 mg kawiri patsiku, ndi amene salemetsa mtima kwambiri, koma m'mimba amavuta kuposa ibuprofen. Celecoxib ndi wosiyana naye: amasamala m'mimba koma si wa munthu wodwala mtima. Mnzake wa celecoxib, rofecoxib wogulitsidwa ngati Vioxx, anachotsedwa pamsika mu 2004 chifukwa chowonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. Diclofenac, amene anthu amamukonda chifukwa amagwira msanga, ali ndi chiopsezo chofanana ndi chimenechi, moti mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaletsa kumupereka kwa odwala mtima, amene anachitapo sitiroko ndi otsekeka mitsempha ya m'miyendo. Malire ake ndi 150 mg patsiku. Indomethacin ndi piroxicam ndi aukali pa m'mimba, si oyambira. Kuphatikiza awiri a m'gululi, monga Brufen m'mawa diclofenac madzulo, kumangochulukitsa ngozi popanda kuwonjezera mpumulo.

Za impso anthu sazidziwa mokwanira, pamene ndi zimene zimawononga mwakachetechete. Taganizirani munthu wa BP amene akumwa enalapril kapena losartan, pamodzi ndi mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide kapena furosemide, kenako n'kuwonjezera ibuprofen chifukwa cha mawondo. Okodzetsa achepetsa madzi m'thupi, ibuprofen wafinya mtsempha wolowetsa magazi mu sefa ya impso, enalapril wamasula wotulutsa. Sefayo imasowa mphamvu yosefera. Akangotsekula m'mimba kapena kusanza masiku awiri, impso zikhoza kuima. Choncho tsiku lililonse limene mukutaya madzi m'thupi, NSAID muyambe mwamusiya. Odwala shuga ndi amene ma ARV awo ali ndi tenofovir asamale chimodzimodzi. Mankhwalawa amakwezanso BP, amatupitsa mapazi, amadzutsa mphumu mwa anthu ena, ndipo mayi woyembekezera asamwe kuyambira sabata ya 20 popanda dokotala. M'miyezi 3 yomaliza ndi oletsedwa.

Pali njira imene imanyozedwa koma ndi yabwino: diclofenac wopaka. Pa bondo ndi pa zala amathandiza ndithu, ndipo amene amalowa m'magazi ndi kagawo kochepa poyerekeza ndi piritsi. Amapakidwa 2 mpaka 4 g katatu kapena kanayi patsiku, pakhungu lopanda bala. Pa chiuno ndi msana safika, chifukwa mfundozo zili mkati kwambiri.

Ululu woyaka, wobaya ndi wa dzanzi

Mapazi akamayaka usiku, kubaya ngati singano, kuchita dzanzi, kapena khungu likamawawa ndi kungokhudzidwa ndi chofunda, vuto lili m'mitsempha yonyamula uthenga wa ululu. Zimachitika ndi shuga, HIV, mowa, mashingozi atapola, ndi mankhwala a TB a isoniazid, amene n'chifukwa chake amaperekedwa ndi pyridoxine (vitamini B6) woteteza mitsemphayo. Apa paracetamol ndi Brufen sachita kanthu kwenikweni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu akuwononga impso zake ndi mankhwala amene sangamuthandize.

Amitriptyline ndiye wakale ndi wodziwika bwino. Ndi mankhwala a matenda a nkhawa, koma pa ululu amaperekedwa pa mlingo wochepa: 10 mg usiku, kukweza pang'onopang'ono kufika 25 mpaka 75 mg. Samwedwa ululu ukabwera ayi, amamwedwa usiku uliwonse, ndipo phindu limaoneka pakatha milungu 2 mpaka 6. Ambiri amasiya sabata yoyamba chifukwa cha kuuma kukamwa ndi kudzuka ali ndi tulo. Kumwa maola awiri kapena atatu musanagone kumachepetsa tulo ta m'mawato. Sayenera odwala mtima, abambo ovutika kukodza chifukwa cha prostate, ndi okalamba osachedwa kugwa. Akamwedwa ambiri nthawi imodzi amapha, choncho asungidwe potalikira ana ndi munthu amene ali ndi maganizo odzipha.

Gabapentin amayambira pa 300 mg n'kukwera mpaka 3,600 mg yogawidwa katatu. Pregabalin pa 75 mg kawiri patsiku mpaka 600 mg. Mtima saulemetsa ngati amitriptyline, koma amabweretsa chizungulire, kunenepa ndi kutupa mapazi, ndipo popeza amatuluka kudzera m'impso, mlingo umatsika impso zikafooka. Amayambitsanso chibaba mwa anthu ena, moti dziko la Britain linakhwimitsa malamulo ake mu 2019. Duloxetine, 30 mg kenako 60 mg, ndi wabwino pa mapazi a shuga, makamaka ngati munthu alinso ndi nkhawa. Nseru ya masiku oyamba imatha. Carbamazepine ndi wa ululu wong'anima kumaso ngati mphezi, koma amafooketsa mapiritsi olera ndi dolutegravir wa m'ma ARV. Tinene zoona: pa gabapentin, pregabalin ndi duloxetine, mwa anthu 6 mpaka 8 omwa, mmodzi yekha ndi amene ululu wake umatsika ndi theka chifukwa cha mankhwalawo. Woyamba akakanika, kuyesa wachiwiri n'kwanzeru.

Codeine, tramadol ndi morphine

Pa khansa, morphine ndi mankhwala abwino kwambiri, ndipo kumumana wodwala chifukwa choopa chizolowezi ndi nkhanza. Makwerero a mankhwala a ululu a WHO a 1986, oyambira pa paracetamol kukafika pa morphine, anapangidwira odwala khansa. Kulakwa kunabwera pamene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa msana ndi mawondo. Kafukufuku wa SPACE, wofalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2018, anatsatira anthu 240 a ululu wa msana, chiuno kapena bondo kwa miyezi 12: omwa mankhwala a gulu la morphine sanayende kapena kugwira ntchito bwino kuposa anzawo omwa mankhwala ena a ululu, koma zovuta za mankhwala zinawachulukira.

Thupi limazolowera, mlingo womwewo umayamba kuchepa mphamvu, ndipo mwa ena mankhwalawo amachititsa kuti thupi lizimva ululu kwambiri kuposa kale. Kudzimbidwa kokha sikuzolowereka, n'chifukwa chake amaperekedwa ndi senna kapena bisacodyl kuyambira tsiku loyamba. Codeine sagwira ntchito mpaka chiwindi chitamusandutsa morphine. Ena samusandutsa n'komwe, ena amamusandutsa mofulumira moopsa, ndiye saperekedwa kwa ana osafika zaka 12 ndi amayi oyamwitsa. Tramadol anthu amamuona ngati wofatsa, koma ali ndi ngozi ziwiri zowonjezera: amagwetsa khunyu, makamaka kupyola 400 mg patsiku, ndipo akaphatikizana ndi fluoxetine, duloxetine kapena amitriptyline angayambitse kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu. Chimene chimapha ndi kuphatikiza aliyense wa awa ndi mowa, diazepam kapena pregabalin, chifukwa onsewa amachedwetsa kupuma. Munthu wosadzutsika, wopuma mwapatalipatali, timaso takuda titachepa kwambiri, akufunika naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya gulu la morphine, ndi chipatala nthawi yomweyo.

Pa ululu wa thupi lonse wopanda chifukwa chooneka, monga fibromyalgia, NICE inalangiza mu 2021 kuti paracetamol, NSAID, gabapentin ndi gulu la morphine asayambidwe n'komwe. Zimene inalimbikitsa ndi masewera olimbitsa thupi, uphungu, ndi mankhwala ngati amitriptyline kapena duloxetine. Wodwala mutu naye achenjere: kumwa paracetamol kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kapena codeine ndi tramadol masiku 10, kumasandutsa mutu wa apo ndi apo kukhala wa tsiku lililonse.

Poyesa mankhwala atsopano, sinthani amodzi okha nthawi imodzi. Lembani ululu wanu pakati pa 0 ndi 10, ndipo sankhani ntchito imodzi yoyezera, monga kuyenda mphindi 20 kapena kugona maola 5 osadzuka. Gwirizanani ndi dokotala tsiku loonanso: milungu 2 pa NSAID, 6 mpaka 8 pa a mitsempha. Ululu ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mankhwalawo akugwira ntchito. Kuufikitsa pa 0 sikuchitika kawirikawiri, ndipo kulimbana nazo ndi kumene kumakwezetsa milingo. Womwa NSAID miyezi yambiri aziyezetsa BP, creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi kuchuluka kwa magazi.

Kusiya nakonso kumasiyana. Paracetamol ndi NSAID mungasiye lero lomwe. Amitriptyline, duloxetine, gabapentin ndi pregabalin amatsitsidwa pang'onopang'ono. Amene wamwa tramadol kapena morphine kupitirira chaka, malangizo a 2022 a CDC, bungwe la zaumoyo la ku America, amati atsitse pafupifupi 10 peresenti pamwezi. Kudula kamodzi kumabweretsa kutsekula m'mimba, thukuta, kusowa tulo ndi ululu woposa woyamba. Ndipo amene wasiya kwa milungu ingapo asabwerere pa mlingo wake wakale, chifukwa thupi limakhala litaiwala chizolowezi chija, ndipo mlingo umene ankaupirira kale ukhoza kumuimitsa kupuma.