Babatoni itapirira chilimwe ndi dzinja: zimene zalimba ndi zimene zavuta

Gulu lachinyamata lofuna kusakaniza magitala ndi zoimbira zakwathu silichedwa kuganiza za babatoni. Ndi chida cha bezi chokhala ndi waya wokungidwa pa mlongoti ndi ng'oma ya chikumba, chimene Yobu Maligwa wa Madalitso Band adachoka nacho m'misewu ya Lilongwe mpaka kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adatchuka nachonso. Babatoni tikuunika panoyi ndi ya mlongoti wa bulugamu wotalika mamita awiri ndi theka, chikumba cha ng'ombe ndi waya umodzi wa m'tayala. Yakhala ikuimbidwa katatu pa sabata kuyambira Ogasiti mpaka Epulo.

M'chilimwe palibe chodandaula. Chikumba chimakhala chokungika gwa, ukamenya waya ndi kamtengo mawu amatuluka okhuthala, ndipo botolo likamatsetsereka pa wayapo limalira mokhala ngati likuyankha woimba. Bezi yamagetsi siingatulutse kulira kumeneko.

Mayeso enieni ndi mvula. Chikumba chimamwa chinyontho n'kukhwepa, kathabwa kochirikiza waya kamamira, ndiye mawu amatsika n'kumamveka ngati ukumenya katoni. Ambiri amathamangira kukunga waya, ndipo pamenepo mpamene amaudula, chifukwa vuto si waya. Wambani chikumbacho monga achitira ndi ng'oma: mkono wathunthu kuchokera pa mbaula, mphindi zisanu mpaka khumi, mukutembenuza ndi kugogoda ndi chala mpaka chiyambe kulira. Mukachiyandikiza kwambiri chimauma mbali imodzi n'kung'ambika pa misomali. Chikazizira chimakhwepanso pang'ono, choncho yembekezani kaye musanachune ndi gitala. Posunga, osachigoneka pa simenti. Chikolekeni m'mwamba, kutali ndi makoswe, amene amakonda kuyamba kudya m'mphepete momwe mudatsalira ubweya.

Waya waduka kawiri, konseko pamalo amodzi, pamene umapindikira pa chokungira. Waya woyamba udali wochotsedwa m'tayala lootcha. Moto umafewetsa chitsulo n'kusiya makoko, motero waya wotere umatamuka msanga, umachita dzimbiri, ndipo botolo limakhwekhwereza m'malo motsetsereka. Wabwino ndi wosenda ndi mpeni m'mlomo wa tayala, kenako n'kuupala ndi sandipepa wosalala. Mukatha kuimba upukuteni ndi kansalu kodontheza mafuta a makina osokera, dontho limodzi kapena awiri basi, osalola kuti afike pa chikumba. Waya wapadera wodulidwa kale pa muyezo wake uzikhala m'chikwama nthawi zonse.

Mlongoti wapindika pang'ono chifukwa udagwiritsidwa ntchito usanaumitsitse. Zotsatira zake n'zakuti waya watalikirana ndi mtengo chapakati, ndipo zizindikiro za choko zosonyeza poimika botolo zasuntha. Kumasula waya pang'ono mukaweruka kumachepetsa vutoli, koma pogula funsani kuti mtengowo udauma nthawi yaitali bwanji.

Chokhumudwitsa kwambiri ndi zokuzira mawu. Kapikapu kotchipa ka piezo (kachipangizo komata pa chida kuti kazitola mawu ake) kakalumikizidwa mwachindunji ku mikisa, mawu okhuthala aja amasowa, pamatsala kugogoda kwa kamtengo kokha. Pamafunika preamp, kachipangizo kolimbitsa mawu asanalowe mu mikisa, pakati pa ziwirizi. Kapikapuko kakamatidwa pakatikati pa chikumba, sipika ikangokwezedwa imayamba kulira mluzu, chifukwa chikumbacho chimanjenjemera ndi phokoso la sipikayo. Kamateni pafupi ndi phazi la kathabwa kaja, ndipo sipika isayang'ane chikumba.

Kwa gulu longoyamba kumene, babatoni ndi yoyenera kukhala nayo: zokonzera zake zonse zimapezeka pa msika ndi kwa okonza matayala. Chovuta ndi mayendedwe. M'minibasi siilowa bwino, ndiye uzani mmisiri apange mlongoti wochotseka, womangidwa ndi mabawuti awiri.