Kuthamanga, mpira kapena kukwera Mulanje: wophunzira angakhalitse pa chiti?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kwa ife ophunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata kuno ku Thyolo, kuyamba sikuvuta. Chovuta n'kufika nazo kumapeto kwa semesita.

Kuthamanga ndiye kotchipa: nsapato za pakaunjika ndi kabudula, basi. Simudikira munthu, ndipo ngakhale sabata ya mayeso mphindi 30 zimapezeka. Koma chiperoni cha June ndi July chikagwa, nkhungu ili phi panja, palibe amene adzakufunseni chifukwa chimene simunadzuke. Atsikana ali ndi vuto lina lomwe anyamata sitiliganizira. Mtsikana akamathamanga yekha pamsewu amakumana ndi malikhweru ndi mawu achipongwe, ndipo ambiri amasiyira pomwepo, osati chifukwa cha ulesi ayi. Thamangani awiri kapena atatu, kunja kutayera.

Mpira wa miyendo ndi ntchemberembaye zili ndi chimene kuthamanga kulibe: anzanu. Mukagona amabwera kudzagogoda pachitseko, ati timu ilibe goloboyi, ndiye mumavala jezi mukunyinyirika, koma mwapita. Ndaona anthu amene sangathamange okha kilomita imodzi akuthamangitsa mpira ola lathunthu osadandaula. Amene ali m'chaka choyamba amapezeranso pomwepo anthu ocheza nawo, zomwe zimachepetsa kusowa kumudzi. Pamene timu imalakwitsa ndi pa osadziwa kusewera. Wongoyamba kumene amamusiya pabenchi, kapena kumuseka akaphonya mpira, ndipo mawa lake sabweranso. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ameneyo ndiye amafunikira masewerawo kuposa akatswiri. Nthawi nayo imavuta: amene watuluka mu labu cha m'ma 5 koloko nyengo yozizira amapeza dzuwa likulowa, ndipo mayeso akayandikira timu yonse imabalalika.

Phiri la Mulanje n'losangalatsa kuposa zonsezi. Kuchoka ku Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba ndi ulendo woti aliyense angathe, pomwe Sapitwa, wotalika mamita 3,002, amafuna masiku angapo ndi wokulondolerani njira. Koma thiransipoti, kamba ndi ndalama ya wolondolera zimadya m'thumba la wophunzira wodalira ngongole ya boma. Ulendo wa apo ndi apo sungalowe m'malo mwa masewera a sabata ndi sabata, ngakhale Porters Race, mpikisano wothamanga wa paphirili, ingakupatseni chifukwa chokonzekera miyezi ingapo.

Ine ndimalangiza mpira, makamaka timu ya kalasi kapena ya hositelo yomwe aliyense amalowa m'bwalo. M'timu momwemo mupeze awiri oti muzithamanga nawo m'mawa masabata a mayeso, ndipo mugwirizane tsiku ndi ola ndandanda ya mayeso isanatuluke.