Meetup ku Harare: iyo imawerenga makilomita, ife timawerenga makombi

Meetup ndi pulogalamu ya pafoni yothandiza munthu kupeza magulu ndi zochitika za kufupi ndi kumene ali. Inayambira ku New York mu 2002, ndipo mu 2024 inagulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Bending Spoons. Kulowa ngati membala wamba n'kwaulere. Kwa zaka zambiri ndalama zake yakhala ikuzipeza kwa otsogolera magulu, omwe amalipira ndi khadi ya kubanki.

Pulogalamu ya mtundu umenewu imayesedwa pa ntchito zitatu. Munthu apeze chochitika cha Loweruka lino chimene angathe kufikako, alembetse kuti abwera, kenako atumizire mnzake uthengawo. Pa foni ya munthu wa ku Mufakose kapena ku Mabvuku, makomboni a mu Harare, Meetup imakhoza bwino ntchito yachiwiri yokha.

Potsegula akaunti, Meetup imafuna imelo kapena akaunti ya Google. Pa Android dinani batani la Google basi, chifukwa akauntiyo ili kale m'foni. Njira ya imelo ndi imene imagwetsa anthu: ambiri imelo anawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, ndipo pasiwedi inatsalira komweko. M'pulogalamuyi Chichewa mulibe, ngakhale Chishona kapena Chindebele, chonsecho zitatuzi zili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe a 2013. Mwayi wake mawu ofunika kuwadziwa ndi ochepa. Batani la Attend ndi loonekera, ndipo mukalidina dzina lanu limalowa pamndandanda wa obwera. Malo akadzaza, magulu ena amakuikani pamzere wodikira. Apa palibe chodandaula.

Vuto lalikulu lili pa kuyeza mtunda. Pulogalamuyi imatenga pamene muli n'kujambula bwalo lozungulira, ndipo chilichonse chogwera m'bwalomo imachitenga kuti chili pafupi. Koma makombi ambiri a mu Harare sayenda mozungulira. Amachoka kumakomboni kulowa m'tauni, n'kubwereranso komwe achokera. Wa ku Dzivaresekwa kapena Kuwadzana amakwerera pa siteji ya m'tauni ya Copacabana, wa ku Glen View ndi Highfield ku Market Square, wa ku Mabvuku ndi Tafara ku Fourth Street. Choncho msonkhano wa ku Harare Gardens, womwe pamapu ukuoneka patali, ndi kombi imodzi. Msonkhano wa ku komboni ina yooneka pafupi ungafune makombi awiri popita, awiri pobwera, kuphatikizapo kudula tauni wapansi kuchoka pa siteji ina kupita pa inzake. Ndalama ya thiransipoti yawirikiza. Ndiye wina akachepetsa bwalo lija pofuna kusunga ndalama, amachotsa zochitika za m'tauni zomwe zinali zosavuta kufikako, n'kutsala ndi zovuta. Chochita chake n'chakuti musadalire GPS, njira imene foni imadziwira pamene muli. Lembani nokha Harare pa malo osankhira mzinda, bwalo likhale lalikulu, ndipo za makombi muwerengere nokha.

Yang'ananinso nthawi yothera. Chochitika chotha 8 koloko usiku ku Borrowdale si chimodzimodzi kwa mwini galimoto ndi kwa wobwerera ku Epworth, ndipo pulogalamu siikuchenjezani.

Kuyambira 2020 Meetup inalola misonkhano ya pa intaneti, ndipo imeneyi imatha kusakanikirana ndi yokumana maso ndi maso. Mukapanda kusankha In person, mudzataya bandulo mukuwerenga za msonkhano woti ulibe ndi malo omwe.

Adiresi nayo ili ndi zake. Wotsogolera gulu amaika chizindikiro pamapu, koma mapu amalemba Simon Muzenda Street pamene kondakitala akukuwa Fourth, dzina lakale la msewu womwewo. Pali bokosi lolembamo mmene anthu angakupezereni, ndipo kuno bokosi limenelo ndi lofunika kuposa mapu. Lembanimo siteji yokwerera, potsikira, ndi chinthu chooneka ngati tchalitchi, sukulu kapena thanki ya madzi.

Ntchito yachitatu ndi imene imagwa chagada. Batani lotumizira limapanga linki, linkiyo imafika bwinobwino pa WhatsApp, koma wolandirayo ngati anagula bandulo ya WhatsApp yokha, ya Econet kapena NetOne, akaidina tsamba silitseguka. Iye amangoti linki ndi yakufa. Zikumbutso za pulogalamuyi nazo zimafuna data yoyatsa, pamene ambiri amaizimitsa posunga bandulo kapena batire magetsi akathima. Mankhwala ake ndi achikale: pansi pa linki lembani tsiku, nthawi, malo ndi ndalama yolowera m'mawu wamba, kapena jambulani sikirini n'kutumiza chithunzicho. Ndalamayo nenani ngati ili ya madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya Zimbabwe, komanso ngati EcoCash, njira yolipirira pafoni, ikulandiridwa.

Amene mukufuna kuika gulu lanu pa Meetup, yambani mwayesa ndi anthu asanu. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka masamba a pa intaneti, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, ndipo oonjezera amangobwereza zomwe mwaona kale. Aliyense agwiritse foni yake, kaya ndi Itel yong'aluka galasi, ndi bandulo imene amagula masiku onse. Wi-Fi ya mu ofesi imabisa theka la nkhani. Mupatseni ntchito imodzi panthawi, ayankhule zimene akuganiza, inu muzilemba pamene chala chaima. Musamulozere. Akakufunsani kuti adine pati, bwezani funso: "Amayi, mukanakhala nokha kunyumba mukanadina pati?" Ndipo musafunse ngati aikonda. Munthu wamkulu woleredwa kwathu adzati "ili bwino, mwanawe" ngakhale yamuzunza, posafuna kukuchititsani manyazi. Mufunseni kuti Loweruka akwera kombi iti ndipo atsikira pati. Akalephera kuyankha, tsamba lanu silinagwire ntchito.

Meetup ingathandize wophunzira wa ku University of Zimbabwe kapena wogwira ntchito m'tauni amene ali ndi data yokwanira ndipo akufuna kukumana ndi anthu achilendo. Pulogalamuyi imangoonetsa zimene wina walembamo. Kwaya ya ku CCAP, bungwe lothandizana pamaliro kapena timu ya mpira ya m'komboni ali kale ndi gulu la WhatsApp ndi zolengeza za Lamlungu, ndipo ndalama yoti mlembi wawo azilipira ndi khadi ingachite bwino kugulira bandulo.