Camper ya hayala: fani yake ndi yabwino, koma galu alibe pomangirira

Galu wanga Mphezi amalemera makilogalamu 24 ndipo sagwirizana ndi kutentha. Ndayamba ndi iyeyu chifukwa zonse zimene ndinene za camper (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira) imene ndinatenga pa hayala zikuchokera pa iye. Ndikanakhala ndekha bwenzi ndikungoyamikira bedi ndi kasitovu ka gasi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tinali awiri, masiku 16, kudutsa dziko lonse kuchokera kumalire ena mpaka kumalire ena.

Galimotoyo ndi veni ya dizilo, denga lake lalitali loti munthu n'kuima chilili mkati. Kumbuyo kuli bedi, pakati sinki ndi kafiriji, ndipo pansi pa mpando pali batire yachiwiri ya 12V yoyatsira za mkatimo popanda kukhudza yolizira injini. Padenga pali sola ndi fani. Tsiku lotenga galimoto fani imeneyi sindinaiyang'ane n'komwe, maso anali pa bedi.

Ndinaizindikira tsiku lachitatu, titalowa m'chigwa chotentha kumene ngakhale usiku mphepo imakhala ngati yochokera pamoto. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amangotuluka pang'ono kumapazi. Kutentha amakuchotsa popuma wefuwefu, lilime lili panja. Akakhala bwinobwino thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39, ndipo likadutsa 41 moyo wake uli pachiswe. Tsono galimoto yoima padzuwa imatha kuwonjezera madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsitsa zenera pang'ono sikusintha zambiri. Usiku umenewo Mphezi anali wosakhazikika, kudzuka, kuzungulira, kugona, kudzukanso. Ndinayatsa fani ija kuti izikoka mpweya kupita kunja, n'kutsegula kazenera kammunsi pafupi ndi pamene amagona. Mpweya wotentha umakwera wokha kudenga, fani n'kuutulutsa, wozizirirapo n'kulowera pansi pomwe pali galu. Posakhalitsa kupuma kwake kunatsika, ndipo anagona chagada mpaka mbandakucha. Kuyambira pamenepo ndinkaiyatsa usiku uliwonse. Ndi yosasokosa, ndipo ngakhale ikugwira limodzi ndi firiji, m'mawa batire inkapezeka isanatsike kufika theka. Zimenezi n'zofunika chifukwa batire za mtundu wakale, zamtovu zija, zimaonongeka msanga mukamazitsitsa kupitirira pamenepo. Masiku awiri a mitambo sola sinathandize kwenikweni, koma batireyo imatchajanso injini ikamayenda, ndiye sitinagone mumdima.

Ndinene mosabisa: fani si makina oziziritsa mpweya. Singachititse mkati kuzizira kuposa kunja. Masana Mphezi sindinamusiyemo yekha ngakhale kamodzi, ndipo malo ena okongola ndinangowadutsa chifukwa salola agalu. Zinandiwawa, koma si mlandu wa galimoto.

Mlandu wa galimoto ndi uwu. Kampani ya hayalayo imalengeza kuti imalandira agalu, ndipo imalipiritsa ndalama yapadera yotsukira mukabweza. Ndinalipira mosanyinyirika. Koma pansi ponsepo palibe ngakhale kachitsulo kamodzi komangirira khola la galu. Pansi pake ndi poterera, posavuta kukolopa, inde, koma tsiku loyamba lomwelo nditaponda buleki mwadzidzidzi khola linatsetsereka ndi Mphezi yemwe mkati mpaka kukagunda kabati. Sanavulale. Ine mtima unakhala m'malo patapita nthawi. Galu wosamangidwa pa ngozi amaponyedwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kambirimbiri, ndipo amene ali kutsogolo kwake ndinu woyendetsa. Ndinapinda kholalo n'kuliika pansi pa bedi, ndipo ulendo wonse Mphezi anayenda atavala zingwe za pachifuwa zokoleka ku lamba wa mpando wakumbuyo. Chonde musakoleke lambayo ku kolala, buleki imodzi ikhoza kumuvulaza khosi. Mwayi wake mpando umenewo unali ndi malamba. Si camper iliyonse ili nawo kumbuyo.

Zina n'zazing'ono. Pokwerera n'patali, galu wokalamba angafunike thabwa. Nsalu ya mipando imagwira ubweya koopsa, moti mmawa wa tsiku lobweza unathera pa bulashi. Madzi a m'thanki Mphezi anawanunkhiza n'kuchokapo, choncho ndinkamusungira ake m'chigubu. Galu wa msinkhu wake amamwa pafupifupi lita imodzi ndi theka patsiku, kukatentha kuposa pamenepo. Tinkaima maola awiri kapena atatu aliwonse kuti aongole miyendo. Khadi lake la katemera wa chiwewe ndinkaliika pafupi, ndipo pamalo ena ogona analifunsadi.

Pa msewu veniyo ndi yomvera, ngakhale mphepo ya m'mbali imaikankha chifukwa cha kutalika kwa denga. Khomo lake lotsetsereka ndinalikonda kwambiri. Madzulo ndinkalitsegula lonse, Mphezi n'kugona pakhomopo mutu uli panja, akununkhiza dera lachilendo, ine ndikuphika.

Ndingaitengenso? Eya, chifukwa cha fani ndi batire ija. Koma ndisanalipire ndidzapempha chithunzi cha pansi pake, ndione ngati pali pomangirira. Pobweza ndinawafotokozera bambo amene analandira makiyi za khola lija. Anamvetsera bwino, anagwada n'kuyang'ana pansipo okha, ndipo anavomera kuti zitsulo zinayi zokha zikanakwanira. Analemba m'buku mwawo. Mphezi nthawi yonseyo anali atakhala pampando wake wakumbuyo, akukana kutsika.